Tidzapita, Galu Amene Analuma Apongozi Anga

Khalani pansi, ana inu, galuyo sathawa. Ndamuona, inde: makutu ngati a bulu, ndi kalamba kofiira m'khosi. Bambo anu akuti amugula kwa magarimpero, okumba golide aja, ku Fingoe, ndipo wabwera atakhala m'dengu kumbuyo kwa mota, njinga yamoto ija, ngati bwana. Zili bwino. Koma m'bwalo muno salowa masana ano. Akhale kaye kumthunzi wa kudimba kumene ndawauza kuti amumange, mpaka dzuwa lipepe. Iwe Tomazi, milomo wakwezayo itsitse. Ukuganiza kuti agalu athu awiriwa amulandira ndi manja awiri ngati kwabwera padiri wa kutchalitchi? Kokerani kuno lichero la mtedzalo, muziswa ndikukuuzani.

Nkhani imeneyi sindiikonda. Si yachinsinsi ayi, akuluakulu onse a mudzi uno amaidziwa, ndipo pamowa sipalephera wina woikumbutsa. Koma ndikamaikamba ndekha ndimachitabe manyazi, ndi imvi zonsezi. Ambuye anu, mkazi wangayu, ayamba kale kuseka uko akupeta. Asiyeni, nawonso ali ndi mbali yawo m'nkhaniyi.

Inu munabadwira pamtendere. Ine unyamata wanga unathera ku Zambia, kumene tinathawira nkhondo ndi amayi anga. Tinkadya ufa wachikasu wogawidwa, ndi nyemba zina zouma mtima zimene zinkamaliza nkhuni zisanapse. Denga lathu linali lona. Amayi anagula kagalu kwa munthu wina wa kumeneko, anapereka nkhuku, ndipo anakatcha Tidzapita. Kale galu sankangotchedwa dzina lopanda mutu ngati awa mukutcha lero, dzina linkanena zimene zili mumtima mwa mwini wake. Amayi akaima pakhomo kuitana kuti, "Tidzapita! Tidzapita!" anansi ankayankha moseka kuti, "Liti, mayi?" Iwo ankangoti, "Mudzaona."

Sanaone. Anamwalira dzinja lomaliza, anthu atayamba kale kumanga akatundu. Ine ndinabwerera kuno ndi khasu, lona uja, ndi galu. Njira yake simungaiyende inu, amene mukatumidwa kuchigayo mumafuna mota. Zikhatho za Tidzapita zinang'ambika ndi miyala, moti mbali ina ndinamunyamula paphewa ngati mbuzi yopita kumalonda, anthu akundiseka. Kumudzi kwathu ndinapeza mitengo itamera m'kati mwa nyumba. Wachibale ndinalibe. Ndikaitana galu uja ndinkamva ngati amayi akadalipo penapake pafupi, ndipo chifukwa chake ndinkamukonda mopitirira muyeso wa galu.

Ndinabwera mbali ya Chiputo kuno kudzagwira maganyu, n'kuona Rozita, ambuye anuwa, akuimba kutchalitchi. Nthawi imeneyo tchalitchi chake unali mtengo wa mkuyu. Anali woonda ngati bango, simungakhulupirire. Zinthu zinayenda, ankhoswe anakambirana, ine n'kulowa chikamwini pakhomo pano. Ndinamanga kanyumba kanga kuseri kwa khola, uko kuli nthochi tsopano.

Mwini khomo anali apongozi anga, Anaphiri, amayi a ambuye anu. Inu simunawaone. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wosalankhulalankhula, woumba mbiya. Iwo nkhondo sanaithawire kunja, anabisala m'mapiri ndi ana awo. Anthu obisala ankapha agalu ndi atambala kuopa kuti phokoso lingawaulule, koma Anaphiri anaphunzitsa awo kukhala chete. Anali awiri, Chikwanje wamphongo ndi Masiye wathadzi. Agalu amenewo sankauwa. Ankangobwera mwakachetechete, ukazindikira ali kale pamwendo. Ndipo sankamvera munthu wina aliyense, ngakhale Rozita. Anaphiri akangoti "tsk" ndi lilime, onse awiri pansi.

Tsono mumve bwino apa, chifukwa inu a masiku ano simuzidziwa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankaonana maso. Sankalankhulana, sankadyera pamodzi, sankakhala mphasa imodzi. Ukawaona akubwera m'njira, iwe unkapatuka n'kulowa patchire, kaya pali minga kaya pali chitedze, n'kunjuta mpaka adutse. Akafuna kukuuza kanthu ankauza mkazi wako, kapena ankalankhula atakufulatira, ngati akuuza nkhokwe. Umenewo ndiwo unali ulemu. Zinkatha pakapita zaka, ana atabadwa, akakuphikira nkhuku n'kukuitana pamaso pa anthu. Lero ndimaona anyamata atakweza apongozi awo pa mota, mayi atagwira mkamwini m'chiuno, ndimangoti dziko lapita. Koma ine ndinali mkamwini wosauka, wobwera ndi galu yekha, ndiye chuma changa chinali ulemuwo. Ndinatsimikiza mtima kuti pakhomo pano sadzandipeza ndi chifukwa.

Vuto linali agalu. Tsiku limene ndinafika, Chikwanje anangoima pakati pa bwalo ubweya wa pamsana utaima. Atsibweni a Rozita, a Zuze, amene anali nkhoswe, anandiitanira pambali.

"Mkamwini, galu wakoyu ndi wa ndewu?"

"Ayi, bambo, ndi wofatsa."

"Ofatsa ndi amene amaluma. Umumange. Akadzangotulutsa magazi pakhomo pano, kaya a mbuzi kaya a munthu, ndidzamupha ndekha. Pronto, basi."

Ndinamumanga ndi luzi pamtengo kuseri kwa khola. Si zingwe za nayiloni izi mumagula kumerekado. Luzi tinkasenda tokha kutchire, n'kuliviika, n'kulipota pantchafu. Linali lolimba, koma likauma ndi dzuwa linkafuna kusinthidwa. Tidzapita, galu amene anayenda nane ulendo wonse uja, anakhala womangidwa ngati mbuzi ya mlandu. Ankalira ndikamapita kumunda, ine mtima n'kumandipweteka.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza thumba lakale litaponyedwa pafupi ndi mtengo uja, lodzaza ubweya ndi fungo la agalu. Ndinafunsa Rozita, iye anati, "Aika ndi amayi. Ndi limene amagonera Chikwanje ndi Masiye. Akuti wanuyo azigonapo." Limene ankagonera Tidzapita linali litasowa, ndinakaliona lili pakhonde pa apongozi. Mukuona? Mayi uja anali atayamba kale ntchito. Agalu amadziwana ndi mphuno asanadziwane ndi maso. Ndi chimene ndakutuma chija, Jowakina, pamene ndinati ukasiye chiguduli cha agalu athu kudimba, iwe n'kumandiyang'ana ngati ndapenga.

Patapita masiku Rozita anati, "Amayi akuti mawa m'mawa mupite ndi galu wanu njira ya kumtsinje. Agalu akakumane kumeneko."

Nzeru yake ndi iyi. Galu pakhomo pake ndi mfumu, mlendo aliyense ndi mdani. Koma kunjira, kumene si kwa aliyense, mtima wake umatsika. Aliyense akhale pachingwe m'manja mwa mwini wake, anunkhizane pang'ono, kenako nonse muyende limodzi kulowera kumudzi, phewa ndi phewa. Agalu akaona eni ake akuyenda pamodzi amati, basi, awa ndi amodzi. Pofika pakhomo akale alowe poyamba, adye poyamba, aliyense phale lake. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Tsiku limenelo sindinkazidziwa, ndipo ndinkayesa kuti agalu abwera nawo ndi a Zuze.

Ndinapita. Ndili chiimire pamphambano ndinaona chitenje chikutuluka pakona, ndi agalu awiri pazingwe. Apongozi! Miyendo sinadikire kuti mutu uganize. Ndinadumphira patchire, ndikukoka Tidzapita, iye akukana, ine ndikumukwekwereza m'minga. Ndinanjuta kuseri kwa chulu nditamutseka pakamwa. Anaphiri anaima pamphambano paja nthawi yaitali, akukhosomola. Ine mumtima ndinkati, koma mayiwa bwanji sakudutsa? Kenako anabwerera.

Kunyumba ndinauza Rozita monyadira kuti, "A Zuze sanabwere. Ndinakumana ndi amayi, koma sanandione n'komwe nkhope." Rozita anangoyang'ana pansi n'kuti, "Akuti mupitenso mawa."

Ndinapitanso, zinachitikanso chimodzimodzi. Ndi tsiku linanso. Ine ndinkangoti ndi tsoka, mwina mayiwa amakatapa dongo la mbiya kumtsinjeko. Mwamva ambuye anu akuti chiyani uko? Akuti, "Ndikanayamba bwanji?" Ndi zoona. Anali mtsikana wongokwatiwa kumene. Akanatsegula bwanji pakamwa kuuza mwamuna wake kuti amayi akufuna kuyenda nanu limodzi m'njira? Ndipo Anaphiri nawo sakanatha kunena mawu amenewo kwa mwana wawo. Iwo anachita chimene akanatha: anameza manyazi awo, munthu wamkulu, n'kukaima panjira kudikira mkamwini. Tonse atatu tinali ndi ulemu wokwanira, koma panalibe wolankhula. Paja amati manyazi anapha lambe.

Amene ankaphunzira pa zonsezi anali agalu. Chikwanje ndi Masiye anaona kuti munthu uyu ndi galu wake akangoona mbuye wathu amathawira patchire. Chothawira patchire n'chiyani kwa galu? Ndi mbala, kapena nguluwe. Tidzapita naye anaphunzira kuti mayi uyu ndi woopsa, poti mbuye wanga akamuona amanjenjemera n'kubisala. Ndinawaphunzitsa udani ndi manja angawa, ndikuyesa kuti ndikuchita bwino.

Inafika nthawi yokolola. Masana ena bwalo lino linali lodzaza, amayi a m'mudzi akuthandiza kutonola chimanga, a Zuze ali pamthunzi. Ine ndinachokera kumunda ndi dengu pamutu. Nditangolowa m'bwalo ndinaona apongozi akutuluka m'nyumba, ndiye mwachizolowezi ndinatembenuka msanga kuti ndizungulire kuseri kwa nkhokwe. Kutembenuka kothamanga kumeneko n'kumene Chikwanje ankadikira. Sindinamve kalikonse. Ndinangozindikira kalasau wanga, kabudula uja, wagwidwa kumbuyo, n'kung'ambika mpaka m'chiuno, chimanga mbwee pansi. Sekani, sekani, amayi aja nawonso anayamba ndi kuseka. Kalasau ndinali naye mmodzi yemweyo.

Koma kuseka kunatha msanga. Tidzapita anamva kukuwa kwanga, anadula luzi lija, limene linali litauma, n'kubwera ngati mphepo. Anagwirana ndi Chikwanje pakati pa bwalo, Masiye akumuluma m'nthiti. Fumbi kobo, ana akulira, amayi akuthawa ndi malichero. Agalu akafika pamenepo samva "tsk" wa munthu, samva ndodo. Njira ndi imodzi: mwini aliyense agwire wake miyendo yakumbuyo n'kukoka nthawi imodzi.

Anaphiri anathamanga, anakankha Masiye ndi phazi, n'kugwira Chikwanje miyendo. Kenako anatukula mutu n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chibwerere changa pakhomo pano, n'kukuwa kuti, "Gwirani wanu!"

Ana inu, apa ndi pamene pamandiwawa. Kuti ndigwire Tidzapita ndinayenera kugwada pomwepo, phewa langa kukhudza la apongozi, ndili ndi kalasau wong'ambika, anthu onse akuona. Ndinaponya phazi limodzi kutsogolo, kenako ndinabwerera m'mbuyo. Sindinaope agalu ayi. Ndinaopa apongozi. Ndinaima pamenepo manja ali kumbuyo kugwira nsanza, maso pansi, monga mkamwini wabwino.

Ataona kuti sindikubwera, anatambasula dzanja lamanja kuti agwire Tidzapita pakhosi. Iye anatembenuka n'kuwaluma. Mano analowa pachala cholozera mpaka pafupa. Nditaona magazi m'pamene miyendo inamasuka, ndinamugwira n'kumukoka, koma zinali zitachitika kale.

Nthawi imeneyo chipatala chinali kutali, ndipo za vasina, katemera wa agalu amene amabwera naye masiku ano, tinali tisanazimve. Anatsuka bala ndi madzi amchere n'kumanga ndi kansalu. Ine ndinamumanganso galu wanga kuseri kwa khola n'kukhala nditamukumbatira, khutu lake likulendewera, ndikudziwa chimene chikubwera. A Zuze anabwera ndi nkhwangwa.

"Ndinakuuza, mkamwini. Bwera naye kuno."

Ndikanati chiyani? Galu wa mkamwini waluma mwini khomo. Ngakhale ineyo akanandipitikitsa, palibe akanawadzudzula. Ndinaimirira, misozi ikutsika, munthu wamkulu ndithu, n'kuyamba kumasula chingwe pamtengo.

Pamenepo tinamva mawu mbali ina ya khola. Anali Anaphiri, atatifulatira, akulankhula ngati akuuza ng'ombe.

"Achimwene, ikani nkhwangwayo. Galuyo sanalakwe, wateteza mbuye wake. Ndikanakonda anga akanakhala otero."

"Mlongo, wakulumatu."

"Chala ndi changa. Ine ndinaima panjira mpaka miyendo kuwawa, ndikudikira munthu woti ndiyende naye. Ulemu ndaulandira, wakwana, ndakhuta nawo. Mawa m'mawa ndikaimanso pomwepo. Akathawanso, mudzamuphe galuyo."

Ndi pomwepo pamene ndinamvetsa za masiku onse aja, za kukhosomola kuja pamphambano. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

M'mawa mwake ndinavala kalasau wosokedwa ndi Rozita n'kupita. Chitenje chija chitatulukira, miyendo inayamba kale kundikokera kutchire. Ndinagwira kamtengo ka pambali pa njira ndi dzanja limodzi kuti ndisathawe, ndikunena zoona. Anafika. Dzanja lomangidwa analipachika pachifuwa, zingwe zonse ziwiri zili kumanzere. Sanandiyang'ane, ine sindinawayang'ane. Agalu anadzuma, iwo anati "tsk," ine ndinasisita Tidzapita pamutu. Tinaima mpaka ubweya wa pamsana unagona. Kenako anati, akuyang'ana kumapiri, "Tiyeni."

Tinayenda. Iwo nkhope kumanzere, ine nkhope kumanja, agalu pakati. Ndipo sanasankhe njira yachidule, anadzera pakati pa mudzi. Nkhani inali itafika kale paliponse, moti anthu anatuluka m'nyumba kudzaonera mkamwini akuyenda ndi apongozi ake ngati mkwati ndi mkwatibwi. Ena anagwira pakamwa, ena anaseka mpaka kukhala pansi. Gogo wina anakuwa kuti, "Anaphiri, mwasowa manyazi kodi?" Iwo anayankha osaima kuti, "Ndinawasiya kumapiri." Ine thukuta linali kamukamu, ndikungoona zala za kumapazi kwanga. Pamoyo wanga ndayenda maulendo aatali, koma wautali kuposa umenewo sindinauone.

Tinabwereza m'mawa uliwonse mpaka anthu anatopa nako kuseka. Pofika nthawi yotentha, Tidzapita ndi Masiye ankagona mthunzi umodzi. Chikwanje sanamukonde mpaka imfa, koma ankamulola, bola iye adye poyamba. Agalu awiri muli nawowa ndi zidzukulu za zidzukulu za Tidzapita ndi Masiye. Khutu lopindika la uyo wagona apoyo musalione chabe, ngakhale ambuye anu amati zimenezo ndi zopeka zanga, bala silibadwa nalo.

Chala chija chinapola, koma sichinapindikenso. Chinangokhala chowongoka, chouma ngati kamtengo. Woumba mbiya amadalira chala chimenecho pokonza milomo ya mbiya. Mbiya za Anaphiri, zimene anthu ankazitsata kuchokera ku Chipera, zinayamba kutuluka zokhota kukamwa, ndipo patapita zaka zochepa anasiya kuumba. Sanandinenepo kanthu, ngakhale tsiku limodzi. Akanandikalipira mwina zikanandipepukira. Mtsuko uja uli m'nyumbamo, umene mumati ndi wonyansa tiutaye, ndi womaliza umene anaumba. Tsopano mwadziwa chifukwa chake ndimakukalipirani mukaukhudza.

Nkhuku ija anadzandiphikira amayi anu atabadwa, monga mwa mwambo, koma aliyense ankadziwa kuti ndi mwambo chabe. Tinali titayamba kale kulankhulana, za agalu poyamba, kenako za mvula, kenako za amayi anga. Anandifunsa tsiku lina tanthauzo la dzina la galu, nditawauza anati, "Ndiye anafika." Atadwala matenda awo omaliza anakana kunyamulidwa ndi wina aliyense. Anati, "Andikweze mkamwini." Ndinawakweza panjinga kupita ku Fingoe, m'matope a dzinja, pena kukwera pena kukankha. Anagwira malaya anga kumbuyo ndi dzanja lomwe lija, ndipo chala chija chinkandibaya pamsana njira yonse. Mpaka lero ndikakwera njinga ndimachimva pamalo pomwepo.

Taonani, mwadya mtedza wambiri kuposa umene mwaswa. Dzuwa lapepa. Agalu a pakhomo pano mukuwadziwa, ine amangondilola, amene amawamvera ndi ambuye anu. Ndipo bambo anu ndimawaona. Ali ndi telefoni, ali ndi mota, amalankhula Chipwitikizi ngati a ku boma, koma akangoona ambuye anu akutuluka amavula chipewa n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Ndi mwana wolemekeza, ndimamukonda, ndipo n'chifukwa chake ndikumuopera.

Rozita, siyani lichero, tengani zingwe zija. Iwe Tomazi, thamanga kudimba kwa bambo ako. Usakanene kuti agalu akubwera, monga anandiuzira ine. Ukanene mawu onse, mmene ndikukuuziramu: akubwera ndi apongozi anu, akufuna kuyenda nanu limodzi mpaka pakhomo, ndipo mukaona chitenje chawo musalowe patchire.